Mawu ochokera kudenga ku Selous

Msuweni wanga anabwera kuchokera ku Joni ndi makatoni atatu: TV yaikulu ngati chitseko, dishi ndi dikoda yake, ampulifaya, mpukutu wa waya, ndi masipika 6 oyera, obulungira ngati mbale za nsima. Akuti kumeneko ankagwira ntchito kwa mkulu wina woika zoterezi m'nyumba za anthu olemera. Umaboola siling'i, sipika n'kulowamo osaonekanso, ndiye nyimbo imakutsatira kuchoka pabalaza mpaka kubafa.

Kwa amalumeko ndi ku Selous, pamsewu wochoka ku Harare kupita ku Bulawayo usanafike ku Chegutu. Ndi dera la fodya, komanso la pulatinamu amene a Zimplats amayenga komweko. Dzinalo ndi la Frederick Selous, mzungu wosaka njovu. Agogo anafikako nthawi ya chitaganya cha 1953 mpaka 1963, atatsatira amuna awo ku mapulazi, ndipo mpaka lero akuti angobwera kudzaona.

Amalume anatembenuza sipika imodzi, n'kuyang'ana kumwamba. Kunali malata, mitanda, ndi chisa cha mavu.

"Iwe, siling'iyo wabwera nayonso?"

Nyumba ya ku komboni makoma ake amathera m'njira, safika kudenga. Amalume anati: "Zoti mawu azimveka chipinda chilichonse, ife tinayamba kale. Amako akatsokomola kuchipinda, ine ndimayankha ndili kukhitchini." Komabe mwana wachokera kutali, sungamuchititse manyazi. Belo la fodya linapita, mabolodi a siling'i anabwera. Anthu ena amagula siling'i n'kuikamo masipika, ife tinagula masipika n'kuwafunira siling'i.

* * *

Dishi inatidyera tsiku lathunthu. Setilaiti ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000 pamwamba pa equator, moti ukangophonya ndi kachala, chithunzi chathawa. Msuweni anali padenga, ine pawindo, mwana wina pakhomo, amalume pampando patsogolo pa TV.

"Yabwera?"

"Akuti yabwera?"

"Yabwera! Aa, yapita."

Uthenga ukamafika padenga n'kuti munthu atatembenuza kale. Amalume anapezerapo danga londinyogodola, ine mlendo wa ku Malawi: "Kuno TV inayamba mu 1960. Inu kwanu munadikira mpaka 1999. Ndiye pawindopo ukuthandiza chiyani?" Ndinangomeza malovu, poti sananame.

Dzuwa litapendeka, dishi inakhazikika itayang'ana kum'mawa, kupendekera kumpoto. Agogo anatuluka ndi ndodo yawo, anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatsata ndi maso kumene yaloza.

"Mukanandifunsa m'mawa muja. Si ku Dedza uko? Nayonso yapukwa."

* * *

Sipika iliyonse inali ya ma ohm 8. Ukalumikiza awiri pamodzi, wofiira kwa wofiira, wakuda kwa wakuda, amatsika kufika pa 4, ndipo ampulifaya yathu inalembedwa kumbuyo kuti malire ake ndi pomwepo. Msuweni anapachika atatu mbali iliyonse, kutanthauza ma ohm osakwana 3. Ku Joni iye ankangogwira makwerero, izi tinazidziwa mochedwa. Chinthu chija chinkaimba nyimbo ziwiri za Alick Macheso, n'kutentha ngati mbaula, n'kudzizimitsa chokha. Nyimbo za sungura nazonso sizidziwa kutha.

Tsiku lachitatu tinapeza bakuli lili pamwamba pa ampulifaya. Azakhali anati: "Musachotse, ndi nsima ya abambo anu. Bola chikugwirako ntchito ina."

* * *

Nkhani yeniyeni inachitika Lamlungu, kutabwera akuchikazi kudzakambirana za ukwati wa msuweni. Ankhoswe anakhala pabalaza, amayi kukhitchini, agogo kuchipinda kwawo. Mnyamata anafuna kuonetsa luso. Analumikiza foni yake pa Bluetooth, n'kuika kwaya yapansipansi, mawu akutsika kudenga ngati mame. Apongozi aamuna anagwedeza mutu, akuyang'anayang'ana kumene kwabisala oimbawo.

Kenako foni inanjenjemera m'thumba. Msuweni anapepesa, anatuluka mwaulemu, anakaima kuseri kwa balani ya fodya yoyandikana ndi nyumba, n'kutsegula uthenga wa pa WhatsApp. Anaika foni kukhutu, zii. Anakweza mawu, zii. Anabwereza kachiwiri.

M'nyumba monse, zipinda zonse zinayi, siling'i inalankhula ndi mawu achizimayi, m'Chichewa cha ku Joni: "Achimwene, ndalama ya masipika ija mwezi wachitatu uno. Mwafika bwino kumudzi, ndaona zithunzi. Mundiyankhe."

Kawiri. Kachiwiriko mokweza.

Palibe anayang'ana mnzake. Nkhoswe wathu anayamba kuwerenga zala zake. Apongozi anakonza kukhosi n'kunena mofatsa: "Zikumveka bwino ndithu. Kulibe kukhosomola ngati wailesi zathuzi." Kuchipinda kunachokera mawu a agogo, amene masiku onse amati makutu anatha: "Amupatse ndalama yake mwana wa eni!"

* * *

Pasanathe mwezi, sipika ya kukhitchini inangoti duu. Makoswe, omwe kale ankayenda pamtanda poyera mphaka akuwaona, tsopano anali atapatsidwa nyumba yosanja, ya nyimbo zomwe, ndipo waya anamuyesa ndiwo. Msuweni anakwera ndi tochi kukalumikiza. Mwendo wake unatulukira pabalaza, pafupi ndi babu. Amalume sanadzuke pampando. "Pamenepo uikepo ya 7."

* * *

Magetsi ku Zimbabwe amachoka m'mawa osatsanzika, n'kubwera anthu atagona. Usiku wina anazima mpira uli mkati, ndipo palibe anakumbuka kutsitsa voliyumu. Cha m'ma 1 koloko denga lonse linaphulika ndi chimawu cha mlaliki wa pa TV. Agalu a komboni yonse anauwa. Amalume anathamangira panja atanyamula nsapato imodzi.

Agogo tinawapeza atakhala pamphasa, atavala duku la ku Chigwirizano, kachikwama kawo ka mapepala kali pamiyendo.

"Agogo, ndi TV chabe."

"Ndinadziwa," anatero akumasula duku. "Akanakhala Mwini wake akanandiitana m'Chichewa."