Galimoto ya malume ili ndi K

Kwathu kuno chuma cha malume chimagwera mphwawo. Choncho atatisiya malume anga, abale anagawana mbuzi, njinga ndi malata, ine n'kundilozera Ford Cortina yomwe inakhala zaka pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zikuikira mazira pampando wa dalaivala. Akuti poti ndine wophunzira ndiithana nayo. Sukulu ndinalekezera Fomu 2.

Malume anaigula ku Joni masiku a Theba, ulendo wa kumigodi usanatsekedwe mu 1988. Kumbuyo kwake kuli zilembo zoti XR6. Kwa inu ana a dzana, XR6 inali Cortina ya amuna olusa ku South Africa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, injini yake Essex V6 ya 2994cc, masilinda 6. Malume ankati akaiponda moto pa Nkando pano, anthu a ku Chitakale ankayamba kuchotsa ana mumsewu.

Nditanena zoidzutsa, mayi a kunyumba anangofunsa kuti, "Bambo a Chisomo, feteleza wa chaka chino mwagula?" Ndinawauza kuti galimoto ikadzuka feteleza tizikamutenga tokha ku Limbe, zokwezera matumba pa kabaza zatha.

Ku Limbeko ndinalowa m'shopu ina ya masipeya chifuwa chili patsogolo. "Mapulagi 6, maring'i ndi gasiketi za V6!" Mnyamata wogulitsa anafunsa mwaulemu, "Bwana, nambala ya injini mwabwera nayo?" Ndinamuyankha kuti galimoto ya malume anga sifunsidwa chiphaso. Anangomanga katundu, n'kundipatsa lisiti lolembedwa kuti zogula sizibwezedwa.

Makaniko wathu atatsegula boneti anayamba wakhala kaye chete. Kenaka anati, "Achimwene, mapulagi awiriwa mukasunge bwino, mwina mudzagula galimoto ina." Mabowo anali 4, atandandalika mzere umodzi, pomwe V6 imakhala ndi atatu mbali iyi, atatu mbali inayo. Ndinati mwina awiri enawo ali kunsi. Iye anandipatsa tochi kuti ndikawafune ndekha.

Ndili chigonere pansipo, sukulu inayamba. Zilembo za kumbuyo, akuti, aliyense atha kumata ndi guluu. Kachitsulo ka chesisi kamangonena zomwe galimoto inatuluka nazo ku fakitale, za masiku ano sikazidziwa. Manambala otukuka omwe ndinkawawerenga mokweza pa buloko ndi a chikombole chomwe anaumbira chitsulocho. Nambala yeniyeni ndi yodindidwa, yolowa mkati, pa kamalo kosalala m'mbali mwa buloko, ndipo imabisala m'girisi ndi dzimbiri. Umatsuka ndi parafini, kukwecha pang'onopang'ono ndi bulashi ya waya, kupaka choko, n'kuunika tochi chammbali. Ine ndinati tibwereke galayinda kwa owotcherera kuti zifulumire. "Mukaifufuta nambalayo," anatero, "mukalongosola nokha ku polisi kuti injiniyi si yakuba."

Choko chitalowa, chilembo choyamba kuoneka chinali K.

Mphwanga wina, amene foni sichoka m'manja mwake, anakuwa. Akuti ku America kuli Ford Mustang za 1965 zomwe chilembo chachisanu pa nambala ya chesisi ndi K, kusonyeza injini ya V8 ya 289 yamphamvu kuposa zinzake, ndipo olemera amazilimbirana, makamaka nambala ya injini ikagwirizana ndi ya chesisi. Zoti yathuyi ndi Cortina, masilinda ake ndi 4, ndinaziika padera. K ndi K. Ndinatuma mwana akagule Fanta wa aliyense, pangongole, ndipo ndinali nditayamba kale kuganiza ngati nyumba ya malata 60 ingakwane pamalo pa apongozi.

Makaniko anapitiriza kukwecha. Patsogolo pa K panatuluka 5.

5K ndi injini ya Toyota, 1486cc, yomwe inkayendetsa timinibasi ta LiteAce. Chilombo cha ku Joni chija chinali ndi mtima wa minibasi. M'pake ndili mwana inkazima yokha tikafika pa siteji iliyonse.

Azakhali, amene malume anawasiya, sanadabwe n'komwe. "Mwananga, V6 ija inkamwa petulo ngati mlendo wa pamaliro akapeza thobwa. Kwacha itagwa mu 1994 amalume ako anaigulitsa kwa munthu wina wa ku Milange, n'kuikamo iyi. Bwenzi utandifunsa." Zilembo za XR6 anazisiya dala kuti ulemu usachoke pamudzi.

Pofuna kupulumutsa kangachepe, ndinapeza maring'i otchipa a 4K, poti nawo ali ndi K. Makaniko anandikumbutsa kuti bowo la silinda ya 4K ndi mamilimita 75, la 5K ndi 80.5. Bulubuku nalo likunenabe za injini ya Ford, ndiye pali ulendo wa ku Road Traffic wokasinthitsa nambala ndisanalote za COF. Feteleza sanagulidwe, ndipo kunyumba akundiitana kuti bambo a V6.

Amene muli ndi Cortina ya V6 yeniyeni, ndili ndi mapulagi, maring'i ndi gasiketi zatsopano, sizinatsegulidwe. Mundipeze pa Nkando tsiku la msika. Mtengo tikambirana, ngakhale thumba la feteleza ndilandira, koma mubwere ndi nambala ya injini.