Thanzi lakwera minibasi

Bungwe la WHO limati munthu wamkulu azilimbitsa thupi mphindi 150 pa sabata. Mayi wa ku Namitambo wosenza dengu la tomato mpaka kumsewu amazikwanitsa Lolemba lisanathe, koma poti alibe nsapato zothamangira, zakezo sitiwerengera.

Mpiru, bonongwe ndi nandolo za ku Chiradzulu zimalawirira pa minibasi kupita ku Limbe, kumene abwana oopsezedwa ndi dokotala za BP amazigula mosanenerera. Ndalamayo ikafika kumudzi, timagulira tchipisi chothira mchere wambiri ndi zoziziritsa kukhosi, n'kukwera kabaza pa mtunda woti nkhuku imafika osapumira. Chitukuko chimenecho.

Tisadandaule, abale. Tikadzalemera mokwanira, nafenso adzatilola kudya bonongwe.