Mtengo wa Johann

Anzanga amene mumasunga kope la ndalama za pakhomo, ndikuwerengereni tsamba limodzi la chaka chino. Lili pakati pa tsamba la fetereza ndi la fizi, ndipo ndi la munthu amene sanadyepo nsima pakhomo panga.

Mayi a kunyumba kwawo ndi ku Karonga. Kwawoko amati bambo wa agogo awo aakazi anali Mjeremani, kalipentala, dzina lake Johann. Nkhaniyi ili ndi poyambira: amishoni a Moravian ndi a Berlin Mission anadutsa pa Karonga mu 1891 popita kutsidya kwa Songwe, ndipo tsidya limenelo linali m'manja mwa Ajeremani mpaka nkhondo imene inayamba mu 1914 itawachotsako. Mwana wathu wachisamba ndiye anabwera ndi uthenga woti mabuku a ubatizo a ku Germany ali pa intaneti, ndipo ndi aulere. Mayi ake anaganiza za cholowa, iye anaganiza za pasipoti. Ine ndinangomva zoti aulere.

Bandulo yoyamba, makwacha zikwi zisanu. Tinatsegula Matricula, kumene salipiritsadi. Koma tsamba lililonse ndi chithunzi, ndipo chithunzi chimadya bandulo ngati anankafumbwe m'nkhokwe. Bandulo yachiwiri, zikwi khumi. Itatsala pang'ono kutha tinazindikira kuti mabuku ambiri a pa Matricula ndi a Akatolika, pamene Johann wathu amati anali wa mpingo wa Luther. Zonse pamodzi, zikwi khumi ndi zisanu. Zimenezo ndiye zaulere zija.

Tinaphunziranso kuti ku Germany kulibe buku limodzi la dziko lonse. Dzikolo linagwirizana mu 1871, ndipo boma linayamba kulemba obadwa, okwatirana ndi omwalira m'dziko lonse pa 1 January 1876. Amene anabadwa tsikuli lisanafike, kawirikawiri amapezeka m'buku la tchalitchi cha m'mudzi mwawo basi. Ukapanda kudziwa mudzi, ulibe poyambira. Wodziwa mudzi anali mmodzi, azakhali awo a mayi a kunyumba, amene pa foni samva. Basi ya ku Karonga, kupita ndi kubwera, zikwi makumi asanu ndi awiri. Shuga, mchere, sopo ndi chitenje, poti kwa azakhali sapita chimanjamanja, zikwi khumi ndi zisanu. Azakhaliwo anatsegula sutikesi yachitsulo, natulutsa kapepala kofiirira kokhala ndi dzina la bambo ndi liwu limodzi: Neudorf. Kope linafika pa zikwi zana limodzi.

Neudorf tanthauzo lake ndi mudzi watsopano. Pa Meyers Gazetteer, mndandanda wa midzi ya dzikolo wa 1912, umenenso ndi waulere, midzi ya dzina limeneli ndi yambirimbiri. Zili ngati kufunsa kondakitala kuti akutsitseni pa chigayo.

Mabuku a mipingo ya Chiprotestanti ali pa Archion, imene likulu lake lili ku Stuttgart, ndipo kumeneko amalipiritsa poyera, pafupifupi mayuro makumi awiri pa mwezi. Mtengo wake si woipa. Vuto ndi kupeza mayurowo. Minibasi yopita ku banki kawiri, ndi mafotokope a chiphaso, zikwi khumi. Yankho linali loti ndalama zakunja kulibe, ndipo yankholo silinalipiritsidwe. Mlamu wanga wa ku Johannesburg analipira ndi khadi lake, nati ndipereke makwacha kwa mayi ake kuno, pa mtengo wa kuseri, osati wa pa bolodi la ku banki. Zikwi makumi asanu ndi atatu. Mweziwo umawerengedwa kuyambira tsiku lolipira, kaya kwanu kuli magetsi kaya kulibe. Kutchajitsa foni kwa ometa tsitsi kakhumi, mazana asanu ulendo uliwonse, zikwi zisanu. Bandulo ina, zikwi zisanu. Kope: zikwi mazana awiri.

Tsamba loyamba litatseguka sindinathe kuwerenga kanthu. Ndinaganiza kuti ndi maso. Magalasi a mumsika, zikwi khumi. Nditavala ndinaona bwinobwino kuti sindingathe kuwerenga. Abusa a nthawi imeneyo ankalemba m'zilembo zotchedwa Kurrent, mmene e amaoneka ngati n, s wamtali amafanana ndi f, ndipo u amasiyana ndi n chifukwa cha kamzere kokhota pamwamba pake, ngati abusawo sanaiwale kukaika. Mnyamata wina wa kutchalitchi kwathu amene anaphunzira ku Germany anayang'ana, napukusa mutu: sukulu za kumeneko zinasiya zilembozi mu 1941. Iyeyu anangomwa madzi. Ndinapita kwa wansembe wina wopuma amene amadziwa Chilatini, nditanyamula tambala wa zikwi khumi. Anandifotokozera mwaulemu kuti Chilatini chimapezeka m'mabuku a Akatolika, awa ndi a Chijeremani. Tambala anatsala komweko. Pofika tsiku limene ndinatha kusiyanitsa e ndi n, mwezi unali utatha. Mwezi wachiwiri, zikwi makumi asanu ndi atatu. Kope: zikwi mazana atatu. Mbuzi inachoka m'khola sabata imeneyo.

M'mwezi wachiwiriwo ndinayenda m'midzi isanu ndi iwiri ya Neudorf ndili pa mkeka. Ubatizo, ukwati, maliro, chaka ndi chaka, ana ambiri akubatizidwa pa tsamba lina ndi kuikidwa m'manda pa tsamba lotsatira. Dzina la bambo lija silinapezeke. Kenako azakhali anatumiza uthenga kudzera kwa mdzukulu kuti akumbukira liwu lina, Breslau. Uthengawu unali flashi, woimba ndinali ine. Breslau kuyambira 1945 ndi Wrocław, mzinda wa ku Poland, ndipo midzi yambiri ya Neudorf ya chigawo cha Silesia tsopano imatchedwa Nowa Wieś, kutanthauza mudzi watsopano. Mabuku a chigawo chimenechi ena ali ku Poland, ena ku Berlin, ena anatayika pa nkhondo. A mudzi wathu sanali pa intaneti.

Ndinalembera kalata nyumba ina yosungira mabuku akale. Anayankha patapita milungu isanu ndi umodzi kuti amafufuza pa mtengo wa theka la ola, kaya apeze kaya asapeze. Ola limodzi, mayuro makumi atatu, amene kudzera kwa mlamu ndi zikwi zana limodzi ndi makumi awiri. Kutumiza ndalamazo, zikwi makumi awiri. Kope: zikwi mazana anayi ndi makumi anayi.

Anapeza. Mzere umodzi wa chaka cha 1868, wa mawu khumi ndi limodzi. Liwu lililonse landidyera zikwi makumi anayi, kuphatikizapo liwu lotanthauza "ndi". Liwu lachisanu ndi chiwiri ndi ntchito ya bambo wa mwanayo: Tagelöhner. Ndinalifufuza ndi bandulo yotsala. Ndi waganyu, wolipidwa pa tsiku. Cholowa chathera pamenepo. Pansi pa kalatayo anawonjezera kuti m'zaka zoyandikana nazo muli a Johann ena awiri a dzina la bambo lomwelo, ndipo buku la ubatizo silinena amene anadzapita kunyanja. Choncho mwayi woti uyu ndi wathu ndi gawo limodzi mwa atatu, koma mtengo ndalipira wathunthu. Za pasipoti, mwana wa Johann amene anabadwira ku Karonga, agogo aakazi aja, sanalembedwe m'buku lililonse limene taona.

Kusindikiza mzerewo ndi kuuika m'felemu, zikwi khumi. Zonse pamodzi, zikwi mazana anayi ndi makumi asanu. Uli pakhoma, pamwamba pa kalendala. Achibale amabwera kudzauona, atatuatatu, ndipo aliyense amathira masupuni atatu a shuga. Dzulo mayi a kunyumba anaima pamaso pake nthawi yaitali, kenako anati mzerewo ukutchulanso mayi wa Johann, ndipo nawonso ayenera kuti anali ndi kwawo. Ndatsegula tsamba latsopano. M'khola mwatsala mbuzi ziwiri.