Ulemu upite kwa matope a ku Thyolo

Munthu wofuna kuyendera minda ya tiyi ya ku Thyolo pa njinga yamoto amayamba n'kuwerenga makilomita pa foni. Amaona kuti kuchoka ku Limbe, kudzera pa Bvumbwe, kukafika pa boma ndi kanthawi kochepa paphula, ndiye amayesa kuti tinjira ta m'maesiteti natonso n'chimodzimodzi. Amagula chisoti, amadzaza mafuta, amalemba kuti akadya nkhomaliro ku Makwasa n'kubwerera dzuwa likadalipo. Zonsezi amakonza osafunsa bwana wamkulu wa dera lino, yemwe si a DC, si a T/A Nchilamwela, ndipo si manejala wa esiteti iliyonse. Bwanayo ndi matope, ndipo nthawi yakwana yoti wina awayamikire.

Matope a kuno ndi ofiira, a katondo, ndipo ali ndi khalidwe. A kwina amangoterereka basi. Athuwa amakukonda, amakukakamira. Amayamba kumata pa tayala pang'onopang'ono, kenako amadzaza mpata wonse wa pakati pa tayala ndi madigadi mpaka gudumu lakutsogolo litaleka kuzungulira. Injini ikulira, gudumu lakumbuyo likukankha, koma njinga yasanduka khasu. Apa m'pamene maphunziro amayambira, aulere. Mlendo amaphunzira kuti buleki yakutsogolo siigwiridwa pamalo otsetsereka, kuti giya yachiwiri ndi m'bale wake, kuti mpweya wa m'matayala umachepetsedwa pang'ono, ndiponso kuti chida chofunika kuposa masipanala onse ndi kamtengo kokotera matope. Ndi sukulu iti yoyendetsa galimoto ku Blantyre imene ingakuphunzitseni zimenezi m'mawa umodzi, n'kukupatsaninso pogwera pofewa?

Ena amati matope akuipitsa dera lokongola. Amenewo aiwala kuti walira mvula walira matope. Maclean Kay atayamba esiteti ya Satemwa mu 1923 sanabwere kudzafuna fumbi. Iye ndi anzake a ku Conforzi, Naming'omba ndi Makandi anatsata mvula yambiri ndi dothi lofiira lomweli, loti tiyi amalikonda. Tiyiyo amapita ku okushoni ku Limbe, wina amakafika m'makapu a ku London, koma pa paketi simupezapo ngakhale liwu limodzi lothokoza matope. Iwo sadandaula. Kuyambira Disembala mpaka Epulo, pamene masamba amaphuka mwamphamvu ndipo othyola tiyi amakhala ali piringupiringu ndi madengu kumsana, matope nawonso amakhala pantchito usana ndi usiku. Mathirakitala otuta masamba kupita ku fakitale amawakumbira ngalande ziwiri m'msewu, pakati n'kusiya kamzere kokwera. Wa njinga yamoto amasankha yekha: kulowa m'ngalande n'kupita kumene iyo ikufuna, kapena kukwera pamzere n'kugwera m'ngalande yomweyo.

Koma chimene ine ndimawavulira chipewa matope amenewa ndi chilungamo. Aliyense akudziwa nkhani ya malo ku Thyolo. Anthu ndi ochuluka, malo abwino anapita ku maesiteti kuyambira nthawi ya atsamunda, ndipo mabanja ambiri amalima timinda tating'ono m'mapiri. Makomiti akhalapo, andale alonjezapo, Vincent Wandale mpaka analengeza kuti Thyolo ndi Mulanje ndi dziko palokha. Matope okha ndiwo anagawa malo popanda msonkhano. Aliyense wodutsa mu esiteti nyengo ya dzinja, kaya ndi mayi wothyola tiyi, kapitawo, mwana wa sukulu kapena mzungu wodzaona malo, amatuluka atanyamula dothi la kampani ku nsapato, ndipo mlonda wa pa geti samufunsa. Mukathyola nthambi imodzi ya bulugamu mudzaona zakuda, koma dothi mutha kupita nalo kwanu tsiku ndi tsiku. Wa njinga yamoto ndiye amapatsidwa gawo lalikulu: m'masipoko, m'tcheni, m'makutu ndi m'mano.

Ntchito nazonso amalemba. Pamalo paliponse poipa pamakhala anyamata okankha, pa mtsinje pali otsuka njinga, pa Luchenza ndi pa Goliati pali amakanika osintha tcheni chodyeka ndi mchenga. Akabaza amakweza mtengo mvula ikangogwa, ndipo palibe wokwera amene amatsutsa. Akabaza omwewa ndiwo mapu enieni. Musananyamuke, imani pa siteji yawo, muwapatse moni bwinobwino, muwafunse kuti kamlatho kati kalipo ndipo kati kanapita ndi madzi. Foni idzakuuzani kuti kuli msewu. Iwo adzakuuzani ngati dzulo kunadutsa munthu. Mufunsenso pa geti, chifukwa misewu ya mkati mwa esiteti ili ndi eni ake, ndipo mafuta mudzaze pa boma, pakuti kumidzi mudzagula a m'mabotolo pa mtengo wa wogulitsa.

Mdani wa matope ndi phula. Msewu wopita ku Makwasa, kumene kuli mishoni ya Malamulo kuyambira 1902, n'kupitirira ku Thekerani kutsikira ku Muona, andale anaulonjeza kwa zaka zambirimbiri, ndipo nthawi yonseyo matope analamulira mwamtendere kuposa chipani chilichonse. Phula litayamba kukwawa, iwo sanachite ziwonetsero. Anangobwerera m'tinjira ta m'mbali, kumene akudikirabe. Pano ndisiyanitse: sindikunena za matope aja a namondwe Freddy mu Malichi 2023, amene anatsika m'mapiri n'kukwirira anthu ndi nyumba zawo m'chigawo chakumwera. Pamenepo palibe nthabwala, ndipo mvula ikagwa masiku angapo osaleka, njinga izikhala pakhonde, mtsinje wodzaza osauyesa.

Amantha amati adzapita nyengo yachilimwe kuti awazembe. Apite mu Juni kapena Julayi, akakumane ndi chiperoni, kamvula kowaza kochokera ku mapiri a ku Mozambique, kamene kamangonyowetsa pamwamba pa dothi louma n'kulisandutsa therere. Pamenepo munthu amagwa asanadziwe kuti wayamba kugwa. Apite mu Okutobala, apeza matope omwewo atavala za fumbi, akulowa m'mphuno ndi mu fyuluta. Choncho ndi bwino kungopita mu Januwale, n'kukawapeza ali pa ulemerero wawo wonse, tiyi ali biriwiri mbali zonse ndipo phiri la Thyolo litafunda nkhungu.

Munyamuke mamawa, chifukwa mvula imakonda masana. Muvale zovala zoti simudzazilira, mutenge mpope, chubu ndi ndalama zing'onozing'ono. Mukatitimira, musachite manyazi akakudutsani wa kabaza pa njinga yake ya Lifo, atakweza mayi, mwana ndi thumba la chimanga, iye ali m'masilipasi. Anyamata akathamangira kudzakuthandizani n'kunena kuti, "Bwana, tikankhe?" mugwirizane mtengo asanagwire njinga. Kutsogoloko, pakhota lachiwiri, kuli anzawo akudikira.