Mbusa Wosadziwa Kusambira

Kwathu kuno ku Vubwi, ukaona msonkhano wonse ukukuombera m'manja, dziwa kuti wasenzetsedwa katundu amene anzako amukana. Umu ndi mmene ndinasankhidwira kuperekeza ana a Giredi 12 kunyanja. A Hedi atafunsa ngati pali kholo lodziwa madzi, ine ndinakweza dzanja kuti ndifunse za ndalama ya basi. Funso lisanatuluke m'kamwa, mlembi anali atalemba kale dzina langa.

Kunena zoona, madzi ndimawadziwa. Ndimatunga pamjigo, ndimathirira tomato kudimba, ndipo dzinja ndimaoloka mtsinje njinga ili paphewa. Kungoti madzi onsewa amalekeza m'mawondo.

Ana ena ankafuna ku Siavonga, ena ku Samfya, koma mphunzitsi wa jogalafe anatambasula mapu n'kutionetsa kuti mchenga wapafupi kwambiri ndi ife uli ku Senga Bay, m'boma la Salima. Kwa ife, Malawi ndi kuseri kwa munda. Kumaliro ndi kuukwati timapitako wapansi, popanda wotifunsa. Koma ukatenga ana a eni uyenera kulowera pakhomo, choncho tinazungulira ku Chipata mpaka ku Mwami.

Kuyambira mu 2022, pamalire a Mwami ndi Mchinji munthu amaima kamodzi kokha, a Zambia ndi a Malawi n'kumudindira malo amodzi. Ndinawafotokozera ana zimenezi monyadira, ndipo ndinachenjeza kuti wotaya chiphaso timusiya pomwepo. Ana onse anadinditsa n'kubwerera m'basi. Anatsala munthu mmodzi akupapasa matumba, thukuta kamukamu.

"A Tcheya, tayang'anani m'sokosi," anandiuza mnyamata wina pawindo. "Tinakuonani ku Chipata mukubisa."

Nditasintha ndalama, kwacha yathu inabereka mpukutu wa kwacha ya Malawi wokana kulowa m'chikwama. Ndinayamba kuyenda ngati ogula golide aja amabwera kwathu ndi magalimoto a magalasi akuda. Ulemererowo unathera ku Lilongwe, pa mbale imodzi ya tchipisi. Ndikudandaula kuti andibera, mtsikana wina anandilangiza mwaulemu kuti mu Novembala 2023 ndalama ya Malawi inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndiye kuchuluka kwa mapepala kusandinamize. Ndinamuuza kuti ndimangomuyesa ngati amamvetsera m'kalasi.

Ntchito yanga yaikulu inali kuwerenga mitu. Tikaima, kuwerenga, tikanyamuka, kuwerenga. Pa Salima ndinapeza kuti ana achuluka ndi mmodzi. Ndinamugwira pamkono wopanda yunifomuyo n'kumuuza kuti nkhani yake ikafika kwa a Hedi. Iye anangoti, "Madala, mandasi mugula kapena nditsike?"

Kenaka nyanja ija inatulukira, ndipo m'basi munati zii. Ine ndinafunafuna tsidya lina, osalipeza. Mnyamata wa sokosi uja anayamba kulakatula zam'kalasi: kutalika kwake n'kopitirira makilomita 500, mitundu ya nsomba ndi yambiri kuposa ya m'nyanja ina iliyonse yamadzi opanda mchere, ndipo David Livingstone anafikapo mu 1859. Ndinaona kuti ndikakhala chete ulemu undithawa.

Ndinawasonkhanitsa pamchenga, nditavala jekete, tayi ndi wezulo m'khosi. Ndinawakumbutsa kuti ife Achewa si alendo kuno. Makolo a Kalonga Gawa Undi, amene timakawalambira ku Mkaika mwezi wa Ogasiti, likulu lawo linali ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, m'mbali mwa nyanja yomweyi. "Magazi athu amawadziwa madzi awa," ndinatero. Kenaka ndinapereka malamulo: anyamata kumanzere, atsikana kumanja, ine pakati, ndipo aliyense alekeze m'mawondo.

Mwera sunamve nawo malamulowo. Unangobwera n'kunyamula chipewa changa, chija ndimavala popita kutchalitchi, n'kuchiponya pamadzi. Ndinapinda buluku n'kuchilondola. Funde loyamba linandipatsa moni, lachiwiri linandichotsa miyendo. Ndinamwa nyanja, ndinaitana amayi anga amene anatisiya kalekale, ndinaimba wezulo pansi pa madzi, ndinalapa machimo ngakhale a anthu ena. Ndili mkati motsanzikana ndi dziko, ndinamva kamawu pamwamba panga. Kanali kamtsikana kakang'ono kwambiri m'kalasi monse, kataima chilili.

"Atate, ingoimirirani."

Ndinaimirira. Madzi anali m'chiuno. Asodzi amene ankasoka ukonde pafupi ndi bwato anayang'ana kumbali, mapewa okha akugwedezeka. Ana athu ndi oleredwa bwino, palibe anaseka, koma mafoni onse anali m'mwamba. Jekete isanaume, kanema anali atafika kale ku Vubwi pa WhatsApp.

Usiku ndiwo unali mayeso enieni. Makolo anandituma mobwerezabwereza kuti ana apita angati, abwere angati, pasakhale wobwera ndi wina m'mimba. Ndinaika mpando pakati pa khomo la anyamata ndi la atsikana, tochi m'manja, n'kulengeza kuti ine tulo ndinasiyana nato chaka chimene Vubwi inakhala boma payokha, mu 2012. Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.

Ndinadzidzimuka dzuwa litatuluka. Wina anali atandifunditsa chitenje, wina atandiyatsira koyilo ya udzudzu kumapazi, tochi atandizimitsira kuti mabatire asathe. Pachitseko panali pepala lochokera m'kope la masamu, lolembedwa bwinobwino ndi rula: mayina a ana, maola, ndipo pamwamba pake mutu wakuti "Olondera a Tcheya". Anagawana usiku wonse awiriawiri, kuopa kuti ndingadzuke n'kulowera kunyanja. Pansi wina anawonjezera kuti: "Akamaliza mkonono muwatembenuze."

Pobwerera ndinakhala mpando wakutsogolo, phukusi la usipa pamiyendo, popeza ndalama ya chambo inatsala ku Lilongwe. Ndinkaganiza za ana amenewa. Ife makolo timagona ndi mantha kuti akalemba mayeso n'kupita ku Chipata kapena ku Lusaka, dziko likawameza. Koma ndi iwo ankadziwa mtengo wa kwacha, njira ya basi, pamene pali chiphaso changa ndi pamene madzi akulekeza. Pa Mwami sindinavutikenso n'kuwerenga. Mtsogoleri wa kalasi anawerenga anzake, n'kufunsa kuti, "Nanga a Tcheya alipo?" Basi yonse inayankha kuti alipo, ndipo tinanyamuka.

Kunyumba amake ana analandira usipa osanena kanthu, n'kungondifunsa ngati m'nyanjamo mwatsalako madzi oti ena asambe. Ndinaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Lamulungu kutchalitchi, abusa atatsegula buku la nyimbo anati, "Tiyeni tonse tiimirire." Mpingo wonse unatembenuka kuyang'ana ine.