Fodya wa Pachala

Agogo anga ankakonda kunena kuti fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ankanena umboni uli pomwepo: kabotolo ka fodya wonunkhiza kamene sikankachoka pamfundo ya chitenje chawo. Ine ndinkayesa ndi mwambi wa anthu a fodya okhaokha. Ndaumvetsa mwezi watha nditaima pachulu kumudzi, foni ndaikweza m'mwamba ngati wopempha mvula.

Zinayamba ndi foni yanga imene inatsika minibasi ku Limbe mwini wake ndisanatsike. Ndinagula ina, n'kumadzitonthoza kuti zanga zonse zili pa intaneti. Pasiwedi ya imelo ndinaikumbukira yonse, mpaka ndinadziyamikira. Makina aja sanayamikire nawo. Anati atumiza manambala 6 ku foni yothera ndi 47 kuti atsimikize kuti ndinedi. Foni yothera ndi 47 inali m'thumba la munthu amene sindine.

Njira ina inalipo: kutumiza manambalawo ku imelo yachiwiri. Imeneyo ndinaitsegula mu 2011 mu kafe ya intaneti imene lero akugulitsiramo kaunjika, ndipo pasiwedi yake inapita ndi kafeyo. Nditayesa kuibweza, inayankha mwaulemu kuti itumiza manambala ku imelo yoyamba ija. Wopalamula ndine ndemwe. Ndinatenga ziwirizi n'kuika iliyonse kukhala nkhoswe ya inzake, ndiye mlandu wabuka ankhoswe onse ali m'nyumba yokhomayo.

Mwayi wake, chiyambireni kalembera wa ma SIM amene MACRA inalamula mu 2018, nambala imayendera limodzi ndi chiphaso cha mwini wake, choncho ukhoza kuitenganso. Ndinaima pamzere ndi chiphaso cha unzika. Mayi wapakauntala anati, "Bambo, tchulani manambala amene mumaimbira kawirikawiri." Apo m'pamene ndinazindikira kuti nambala ya mkazi wanga sindiidziwa pamtima. Ndaiimbira zaka 9, koma inali yapachala.

Nambala inabwerera, koma ine ulendo wa kumudzi unali utandipeza, ndipo kwathu netiweki imakhala pachulu cha kuseri kwa khola. Ndinakwera. Ndinapempha manambala, zii. Ndinadinanso, zii. Kachitatu, mbuzi zikundiyang'ana. Kenaka mauthenga atatu anafika pamodzi ngati alendo amene amva kuti nsima yapsa. Ndinalemba oyamba, anakanidwa, chifukwa ukapempha atsopano akale aja nthawi zambiri amafa. Ndinalemba achiwiri, chimodzimodzi. Pofika pa achitatu chala chinali chikunjenjemera, ndinasemphanitsa 8 ndi 3, makina n'kunena kuti ndayesa mopyola muyeso, ndidikire. Anandiyesa wakuba pakhomo panga pomwe.

Mphwanga wa ku koleji, amene ankaonerera ali m'munsi, anati, "Malume, bwenzi mutaika pulogalamu yopanga manambala m'foni momwemo, yosadikira uthenga. Amasintha pa masekondi 30 alionse." Masekondi 30! Mphepo ya agogo inali yachifundo, sinkayenda ndi wotchi. Komanso pulogalamuyo ikanatsika nawo ku Limbe, koma izi sindinamuuze, mwana asakhumudwe.

Chimene chinandikwiyitsa kwambiri n'chakuti mphepo imeneyi inalembedwa ntchito dala. Ndi mlonda. Manambala amafa msanga kuti wowatola mochedwa asapindule nawo. Akuba a pa WhatsApp amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amathamangitsa munthu: amalemba ngati mnzako, kuti atumiza manambala kwa iwe molakwitsa, uwabwezere msangamsanga. Ukangowapatsa, dzuwa lisanalowe dzina lako likupempha ndalama gulu lonse la kwaya. Apa ndiye agogo anaphonya pang'ono. Pali fodya wina wofunika kuti mphepo imutenge asanafike pamphuno ya mnzako.

Koma pachulu paja sindinkaganiza za nzeru zimenezi. Mu imelo muja munali zithunzi zinayi za agogo zimene msuweni wanga anajambula chaka chimene agogowo anamwalira, ndipo kwina kulikonse kulibe. Zaka zonsezi ndinkati ndi zanga. Zinali kuseri kwa chitseko chimene kiyi wake amabwera ndi uthenga, uthengawo ukafuna.

Ndinalowa m'mawa mwake, tambala atangolira, chulu chili chonyowa ndi mame. Choyamba ndinakopera zithunzi zija. Kenaka ndinapeza zimene ndinkadumpha zaka zonse: manambala 10 osungira tsiku la tsoka, iliyonse yogwira kamodzi, yosafuna netiweki ya foni. Ndinawalemba pakapepala ndi bolopeni, n'kufunsa mayi anga malo amene mbala singaganizeko. Analowa kuchipinda n'kutuluka ndi kabotolo ka agogo kaja. Ndinapinda kapepalako, ndinatsegula chivundikiro, ndipo ndinayetsemula katatu.