Pabasi ndi Agogo

Agogo anandidzutsa tambala asanalire. Ndikudziwa bwino zimenezi chifukwa tambalayo anagona kukhitchini kwanga, miyendo yomanga, akudikira ulendo womwewo. Ndinawapeza agogo pabalaza atavala kale duku, chitenje cha Mvano ndi majuzi awiri, chonsecho unali mwezi wa Okutobala. "Basi siidikira munthu," anatero. Tinafika kudepoti ya Lilongwe kukadali mdima, ndipo tinaidikira ndife basiyo maola atatu kuti idzaze.

Ulendo unali wa ku Blantyre, kuchipatala cha Queen Elizabeth, kukachotsa ng'ala m'maso mwawo. Wa masiku ochepa chabe, koma analongedza ngati akusamuka: thumba la ufa woyera, mtedza, mfutso, ndi tambala uja wa amalume a ku Ndirande. Ndinayesa kunena kuti ndikhoza kungowatumizira amalume ndalama pafoni, akagule okha nkhuku. Anandiyang'ana ndi diso lomwe amati siliona lija. "Ndiye akatafune foniyo?"

Ife a m'tauni tili ndi mwambo wathu wa m'basi. Ukalowa suyang'ana munthu, umatseka makutu ndi timawaya, n'kuweramira foni ngati uli pamaliro. Agogo sanaumvepo mwambo umenewu. Anayambira moni kwa dalaivala, mpando ndi mpando, mpaka kumbuyo: mwadzuka bwanji, kaya kunyumba, nanga ana? Bambo wina wa tayi anayesa kungogwedeza mutu. Agogo anaima pomwepo osasuntha mpaka anachotsa timawaya take. Pamene timafika pa Nathenje, basi yonse inali itadziwa kuti mkazi wake anapita kwawo ndipo sakuyankha foni.

Kondakitala atatchula mtengo, agogo anaseka mpaka kutsokomola. Anamuuza kuti m'masiku a mabasi a UTM, ndalama zimenezo munthu unkagula ng'ombe, chenji n'kugulira mchere. Iwo kwacha anaiona ikubadwa mu 1971 ndipo mpaka lero saikhulupirira. Ndinalipira ndine, koma chenji analandira ndi iwo, n'kumanga pangodya ya chitenje ndi mfundo yomwe ngakhale wakuba wa mumsika angaisiye. Mlaliki wa m'basi naye anaona zakuda: atangotchula vesi, agogo anamukonza kuti walakwitsa chaputala. Chopereka sanachitchulenso.

Pa Lizulu, pomwe msewu umayenda m'malire ndi Mozambique, amalonda anathamangira pamawindo. Agogo ananenerera mtengo wa kabichi mpaka basi kuyamba kuyenda, mnyamatayo akuthamanga m'mbali, akutsitsa mtengo uku akupuma wefuwefu. Kabichi zitatu ndi mbatata ya kachewere zonse zinatera pamiyendo panga, pamwamba pa buluku lomwe ndinasita usiku.

Tsono pali nkhani ya kutaya madzi. Chichokereni ku Dedza ndinkaona madona ndi mabwana akusinthasintha kakhalidwe pamipando, koma palibe anatsegula pakamwa, poti munthu wa m'tauni chikhodzodzo alibe. Titadutsa Ntcheu, agogo anakweza mawu: "Adalaivala, mwana wanga, taimani ndikataye madzi." Basi inaima. Anatsika mwaulemu ndi ndodo yawo, ndipo pambuyo pawo panatsika theka la basi, wa tayi uja patsogolo, aliyense akunamizira kuti akukawongola miyendo.

Chomwe sindidzawakhululukira ndi cha mtsikana yemwe anakhala kutsidya kwa kanjira. Ndinali nditamuba ndi diso kuyambira ku Lilongwe, ndikukonza mawu achizungu oyambira. Agogo anandigwira phewa n'kulengeza kuti, "Awa ndi amuna anga." Kumudzi aliyense amadziwa kuti gogo ndi mdzukulu amasereulana choncho. Mtsikanayo anakulira ku Area 47. Anandiyang'ana ine, n'kuyang'ana agogo, n'kufumbatira chikwama chake. Agogo ataona kuti zavuta anayamba kukonza: anamufunsa mfunda wake, mpingo wake, ngati amatha kuphika nsima ya anthu khumi, kenaka anamufotokozera kuti ine ndine mnyamata wabwino, kungoti ndinachedwa kusiya kukodza pamphasa.

Titaoloka Shire pa Zalewa ndinanamizira tulo. Sizinathandize. Anali atayamba kale mbiri ya malemu agogo aamuna, momwe anapitira ku Joni ndi Wenela, Kamuzu asanaletse ulendowo mu 1974 ndege itagwa ku Francistown. Pamene timatsika padepoti ya Wenela ku Blantyre, anthu ankalimbirana kuwanyamulira katundu, ndipo mtsikana uja anawapatsa nambala yake. Anapatsa iwo, osati ine.

Opaleshoni yayenda bwino, tambala anadyedwa Lamlungu. Tikubwerera Lachisanu, ndipo tsopano maso onse awiri akuona. Mukakwera nafe, chonde chotseranitu timawaya m'makutu.